Yobu Amene Tinamuika

Eliness ankapereka sopo kudzera pa waya wa ndende pamene mtanda umodzi unamupulumuka n'kugwera m'fumbi.

"Mayo ine, manja anga akalambadi," anadandaula.

"Musavutike, amayi. Fumbi silidya sopo."

Mawuwo anachokera kuseri kwa waya, m'Chichewa chosasakaniza ndi Chishona. Eliness anadzutsa mutu. Bambo wina wowonda anali atatsamira khoma payekha. Chala chake chaching'ono chinali choduka, ndipo pachipumi panali chipsera chokhota ngati chikwakwa. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma thupi lonse la Eliness linachita tsembwe.

Iye ndi mnzake Rabeka anali a gulu la amayi a ku Waverley lomwe linkayendera anthu otsekeredwa milandu yawo isanazengedwe. Ankawapezera maloya, ndipo tsiku la khoti ankadzaza mabenchi atavala mipango yoyera, kuti oweruza aone kuti anthuwo ali ndi owayang'anira.

"Mwauma bwanji, asisi?" anatero Rabeka akuseka. "Mwapeza chibwenzi m'ndende?"

"Uyu tinamuika m'manda," Eliness ananong'ona. "Ndi Yobu wa pa famu ija ku Chegutu. Ndinaphika nawo pamaliro pake."

Kuseka kwa Rabeka kunathera pomwepo.

Zaka zingapo m'mbuyomo, dzenje la okumba golide linagumuka n'kukwirira anthu. Mitembo inatulutsidwa itaonongeka, ndipo umodzi unali m'jekete la Yobu. Bokosi silinatsegulidwe.

Msilikali wa ndende anati munthuyo ndi Tichaona, ndipo mutu wake suyenda bwino chifukwa akamuitana dzina sayankha. Eliness anasendera pafupi ndi waya.

"Bambo a Mufaro, ndinu?"

Bamboyo anatsinzina kwa kanthawi, ngati dzinalo lamupweteka.

"Ndine. Apolisi anatigwira tili gulu kutchire, dzenje lisanagumuke. Chitupa ndilibe, ndiye wolemba anangondipatsa dzina la munthu wina amene ankamufuna. Ndinakana, ndinakana, mpaka pakamwa panatopa. Kukhoti amangoti tibwere mwezi wamawa." Anagwira waya. "Nanga mkazi wanga Esinati bwanji sabwera?"

Eliness anachoka pawayapo n'kupita kukaonana ndi loya.

Loya wa gululo anati pakufunika wachibale woti akaime m'khoti n'kunena kuti munthuyo ndi ndani. M'mawa mwake Eliness anakwera kombi ya ku Chegutu. Anapeza Esinati, mkazi wa Yobu, akutonola chimanga pakhonde. Atamva nkhaniyo sanalire. Anangopitiriza kutonola, chitsononkho chili kale mbee.

"Musandidzutsire akufa, asisi."

"Ndalankhula nawo ndi pakamwa pangapa."

"Inenso ndimalankhula nawo. Amabwera kutulo, amaima pakhomo apo, milomo itauma, n'kumapempha madzi. Ndikawapatsa salandira. Mwaona chimene ndimaona ine."

"Mzukwa umalandira sopo?"

"Ndinameta tsitsi. Ndinavala zakuda chaka chathunthu. Manda awo ndimapalira ndekha mvula ikagwa. Lero mukuti ali moyo?"

"Amati mlandu suola, mayi a Mufaro, koma munthu amaola. Akakhalitsa mmenemo, maliro achiwiri adzakhala enieni."

Esinati analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Eliness anatchula tsiku la khoti kudzera pazenera.

Tsikulo amayi anadzaza mabenchi, onse chete. Akaidi analowa pamzere, Yobu ali kumapeto. Eliness ankangocheukira kukhomo. Kalaliki atayamba kuitana milandu, munthu wina anakhala pambali pake mosachita phokoso. Anali Esinati, atafunda nsalu mpaka pachibwano.

Sanayang'ane nkhope ya Yobu. Maso ake anali pansi, pamene kuwala kwa pazenera kunagwera pamapazi a akaidi.

"Ali ndi chithunzithunzi," ananong'ona. "Kutulo sakhala nacho."

"Tichaona!" anaitana kalaliki. Panali zii. Anaitananso, ndipo woweruza anali atayamba kale kuyang'ana tsiku lina. Loya anaimirira kuti alankhule, koma Esinati anamuyambirira.

"Ameneyo si dzina lake! Ndi Yobu, mwamuna wanga. Chala chimenecho chinadulidwa ndi makina ogaya chimanga, ndipo ndinachimanga ndine."

Yobu anatembenuka.  Amayi onse anaimirira mmodzimmodzi, mpaka woweruza anaika cholembera pansi. Anafunsa mafunso, nalamula kuti zala za munthuyo zikayerekezedwe ndi za Tichaona amene apolisi ankamufuna, ndipo anamulola kukadikira zotsatira ali kwawo.

Panja Rabeka anayamba nthungululu, koma Esinati sanalowe nawo. Anaima patali ndi mwamuna wake, osamukhudza.

"Jekete lija linali ndi ndani?" anafunsa.

"Ndinamubwereka mnyamata wina wa ku Mozambiki. Ankanjenjemera ndi malungo. Dzina lake lenileni sindinalidziwe."

Esinati anagwira mkono wa Eliness. Dzanja lake linali lozizira ngati lochokera m'chitsime.

"Ndiye amene amapempha madzi uja ndi mwana wa eni. Kwinakwake kuli mayi amene akuyang'anabe kunjira."

Eliness anayang'ana amayi anzake amene anali atayamba kumasula mipango.

"Musamasule," anatero. "Loweruka tikupita kumaenje kukafunsa dzina lake."

"Nanenso mundidikire," anatero Esinati. Kenaka anatembenukira kwa Yobu, natambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kumukhudza paphewa ndi chala chimodzi.