Dzina la Chotupa cha Mateus

"Tisazungulire, alamu," anatero Renato, akumenya chipewa pabondo. "Achimwene chawapha ndi choipa. Ndipo choipa sichisowa mwini wake."

Panali patapita masiku atatu chiikire Mateus m'manda. Mkazi wake Laura ankasankha nyemba pakhonde la nyumba imene malemuyo anaisiya mbali imodzi isanafoleredwe. Aliyense ku Malowera ankadziwa amene Renato ankamunena: Bartolomeu, amene anatsala n'kumalima munda wawo zaka zisanu ndi ziwiri iwo ali ku Zambia kuthawa nkhondo. Mpaka tsopano ankalimabe chigawo cha kudambo.

"Tangobwerera, tafunsa munda, chotupa chatuluka pakhosi. Mukuti zangochitika? Mawa ndikamuchotsamo."

"Achimwene anu mawu akuti choipawo ankawakana," anatero Laura osadzutsa mutu. "Atabwerako kuchipatala ku Tete anandikhazika pansi. Anati dzina lake ndi kankro, ku Zambia kuja ankati khansa. Mnofu wa munthu ukapanduka, n'kumakula osamvera, n'kumadya mwini wake."

"Mawu a Apwitikizi amenewo."

"Nanenso ndinatero. Iwo anati, 'Laura, choipa ndinachiona ndi maso anga tsiku limene anawotcha mudzi uno. Chinali ndi miyendo iwiri ndi mfuti. Ichi n'changa, chamera m'thupi langa. Mukachitcha choipa, mudzayamba kufuna womuloza chala.' Mawu atawathera, mlendo akangoti choipa, ankagogoda ndodo pansi mpaka munthu akonze pakamwa. Ngakhale katekisita anamukonza, pamaso pa akhristu onse."

Renato anatsala pang'ono kuseka. Anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Ndiye munda tingousiya?"

"Mvula yayandikira. Lowani mundithandize."

M'khitchini, kudenga kumene utsi umafika, kunapachikidwa mitolo iwiri ya chimanga cha mbewu, yofanana kukula, yomangidwa ndi luzi. Pakhoko la chisononkho cha mtolo wachiwiri panalembedwa ndi khala, monjenjemera: Bartolomeu.

Renato anakhala chiimire, maso ali kudenga.

"Achimwene anakwera okha apa? Mmene anaondera muja?"

"Anandikaniza ngakhale kugwira mpando."

Renato anakwera pampando womwewo, natsitsa mtolowo mosamala kuti njere ingayoyoke. Anapemerera mwaye, nauika paphewa, natsikira kudambo.