Chidole cha Chipale pa Boneti

Anselmo anaimba foni Lachisanu madzulo kunena kuti msewu wa m'mapiri wochokera ku Chile watsekedwa ndi chipale chofewa, lole yake ili pamzere ndi zinzake, ndipo safika kwawo ku Mendoza mpaka Lolemba. Kanyumba kochezerako kumapiri ku Potrerillos anali atabwereka kale, ana atauzidwanso kale.

"Ingopita nawo, Gri," anatero. "Salumatu anawo."

Griselda anavomera, koma mtima uli m'mwamba. Anakwatiwa ndi Anselmo chaka chatha, n'kupeza ana awiri amene mayi wawo anamwalira. Wamng'onoyo, Bauti, analibe vuto: aliyense womupatsa chakudya anali m'bale wake. Nkhani inali pa Renata, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Sanali wamwano ayi, ndipo mwano ukanakhalako bwino, poti munthu umadziwa poyankhira. Iye ankalankhula ndi Griselda kudzera mwa mlongo wake basi. "Bauti, uwauze kuti sokosi zanga zasowa." Apo n'kuti Griselda ali pomwepo, sokosizo zili m'manja.

Loweruka linayenda bwino kuposa mmene ankaopera. Griselda anakulira ku Formosa, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa chifukwa cha kutentha, choncho chipale anali asanachigwirepo. Atachitapa m'manja anakuwa ngati wagwira khala la moto, Bauti n'kugwa pansi ndi phwete. Anakhalira matumba a pulasitiki n'kumatsetsereka pachitunda, kukwera, kutsetserekanso, mpaka mathalauza kunyowa. Ulendo wina Griselda anaphonya njira n'kukalowa chamutu m'chitsamba. Podzuka anaona Renata atabisa pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Mumtima anathokoza chitsambacho.

Madzulo anakazinga timikate, Griselda akumwa tiyi wake wotentha wa masamba a yerba, anawo mkaka. Bauti anagona kamkate kali m'manja.

Lamlungu masana anthu anayamba kulongedza. Wa ku Mendoza aliyense amadziwa kuti kumapiri sutsikako chimanjamanja: umaumba chidole cha chipale pa boneti ya galimoto n'kupita nacho m'tauni, kuti anansi aone okha kumene unali. Galimoto iliyonse inali ndi chake, china chovala chipewa, china chopindika khosi.

Renata anayang'ana pansi. "Bauti, uwauze kuti amama ankafika nacho mpaka pakhomo."

Aka kanali koyamba kuti mwanayo atchule mayi ake Griselda akumva. Griselda anagwada pomwepo n'kuyamba kuunjika chipale. Anaumba atatu onse, maso a timiyala, mphuno ya karoti, manja a timitengo. Koma mlendo ndi mlendo. Poopa kuti ana azizidwa, Griselda anali ataliza injini kalekale kuti m'galimoto mufunde, osadziwa kuti boneti nayo yafunda. Chidolecho chinayamba kusungunukira kunsi asananyamuke n'komwe.

Anayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, galimoto zikuchulukana kumbuyo, mahutala akulira. Pamalo ena okhota chidole chija chinatsetsereka mwaulemu wake, kenako phii pamsewu.

Bauti anayamba kulira. Renata sanalire. Anangotembenukira kuwindo, nkhope ili gwa, ndipo izi n'zimene zinamupweteka Griselda. Anaimitsa galimoto pomwepo, pamsewu wopapatiza wopanda popatukira, n'kutsika. Thupi la chidole linali litamwazika, koma mutu unali wathunthu. Anagwada m'matope ozizira n'kuyamba kuutola ndi manja osavala kanthu.

Bambo wina wamimba yake anatuluka m'galimoto ya kumbuyo, chitseko n'kuchimenyetsa.

"Mayi inu, mutu ukugwira? Mwatseketsa msewu wonse chifukwa cha madzi oundana? Kwanu kulibe firiji?"

"Pepani bambo, ndikuchoka pompano."

Bamboyo anasuzumira m'galimoto. "Muli ndi ana m'menemu! Ndi anu anawa? Anthu enatu sayenera kusiyiridwa ana."

Funso limenelo ndi lomwe Griselda ankadzifunsa yekha tsiku ndi tsiku. Anangoima, mutu wa chidole uli pachifuwa, madzi akuyenderera m'juzi.

Windo la kumbuyo linatsika.

"Bambo inu, musawakalipire!" Mawu a Renata anamveka mpaka galimoto yachitatu. "Ndi athu amenewa! Simukuona kuti akutola chidole chathu?"

Bamboyo anayasama, n'kukanda m'mutu. Kumbuyo mayi wina anakuwa kuti, "Wakuuza mwanayo, Cacho, bwerera m'galimoto usatichititse manyazi!" Anthu anaseka. Mwini wakeyo anawerama movutikira, natola karoti m'matope, n'kumupatsa Griselda osamuyang'ana kumaso.

"Nayi mphuno. Koma fulumirani."

"Gri," anaitana Renata, ndipo ankayang'ana iye, osati Bauti. "Bweretsani kuno. Tiuike m'bokosi loziziritsira zakudya lija, ufika."

Anakhuthula zotsala zonse m'bokosimo, mutuwo n'kulowa bwinobwino. Renata analiika pamiyendo pake n'kulikumbatira.

Griselda analizanso galimoto. Zala zinali zitachita dzanzi moti chiwongolero sankachimva, maso ali ndi nkhungu. Anathokoza Mulungu chamumtima chifukwa cha chipale chimene chinatsekera Anselmo kutsidya, chifukwa cha umbuli wake wa boneti, ngakhalenso chifukwa cha bambo wamwano uja. Anali wokondwa, ndipo ankaopa kupuma mwamphamvu kuti angawononge zinthu.

Atayenda pang'ono, kadzanja ka Renata kanatulukira pakati pa mipando, katagwira magolovesi ofiira.

"Valani awa. Manja anu afiira."

"Ndi aang'onotu, mwanawe. Sindikwana."

"Ingovalani, Gri. Musachite makani."

Munalowa zala zitatu zokha m'golovesi lililonse. Griselda anayendetsa choncho mpaka ku Mendoza.