Jekete la Amândio

Mphuno za Cremilda zinatsekeka nthawi yomenya nandolo, fumbi litalowa n'kukana kutuluka. Akawerama, chipumi chinkalemera ngati wasenza mwala. Pamene mwamuna wake Amândio anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Muloza, atanyamula chimanga panjinga, n'kuti Cremilda atasiya kale kumva fungo lililonse. Pamaliro sanamve utsi, sanamve maluwa. Analira chifukwa anthu ankalira.

Jekete la malemu linatsala pamsomali kuseri kwa chitseko. Akuchimuna anati adzabwera Loweruka kudzagawana zovala monga mwa mwambo, ndipo mchimwene wa Amândio anali atalivala kale ndi maso jeketelo.

Cremilda sankafuna kulikaniza. Ankangofuna kulinunkhiza lisanapite: thukuta, girisi wa njinga, ndi fodya amene bamboyo ankalumbira kuti anasiya.

Anapita ku farmácia, sitolo ya mankhwala ya m'tauni ya Milange, n'kuloza botolo la mavitamini.

"Awa satsegula mphuno, mayi," anatero wogulitsa. "Pumani nthunzi, muzitsuka m'mphuno ndi madzi amchere owiritsa. Zikakana, pitani kuchipatala."

"Ndipatseni basi."

Anachita zonse. M'mawa uliwonse ankameza mbulu umodzi, n'kudzifundika bulangete pamphika wa masamba a bulugama, kenako n'kukwirira nkhope m'kolala ya jekete. Sankamva kanthu. Inali nsalu chabe.

Lachisanu ali kudimba, atawerama kuzula anyezi, china chake chinamasuka kuseri kwa maso. Mamina anayenderera. Anamva dothi lonyowa, anamva anyezi, mpaka ndowe za mbuzi anazimva. Anasiya khasu pomwepo n'kuthamangira kunyumba, mayi wamkulu ndithu, chitenje chili m'manja.

Pamsomali panalibe kanthu. Jekete linali panja pachingwe, likudontha madzi, pamodzi ndi malaya ndi mathalauza onse a malemu. Mwana wake wamkazi, Nércia, ankakhuthula beseni.

"Ndachapa zonse, mamá. A tiyu, achimwene a bambo aja, angadzanene kuti tawapatsa zakuda."

Cremilda anagwira kolala ndi manja awiri, naika nkhope pamenepo, nakoka mpweya wonse umene chifuwa chikanatha. Anakokanso kachiwiri.

"Mphuno zatseguka kodi?" anafunsa Nércia, nkhope itawala.

"Zatseguka."

"Ndiye mukumva chiyani?"

Cremilda anasiya jekete, naliwongola bwinobwino pachingwe.

"Sopo," anatero. "Wachapa bwino, mwanawe."