Lole ya Thonje ndi Paipi ya Chipatala

Makina sanama mwadala. Amabwereza zimene munthu anawaphunzitsa m'mawa, ndipo wophunzitsa akachita mphwayi, makinawo amalakwa mosachita manyazi.

Mu Ogasiti, sabata ya mwambo wa Kulamba, gulu la amisiri linali kudutsitsa chingwe cha intaneti pansi pa msewu waukulu pafupi ndi Sinda. Phula silinayenera kukumbidwa, choncho anali kubowola chopingasa pansi pa nthaka. A Davies Mbewe ndiwo ankayendetsa makina obowolera. A Vainess Sakala ankayenda pamwamba atanyamula bokosi lomvera. M'mutu mwa chitsulo chobowolera muli kachipangizo kotumiza chizindikiro, ndipo bokosilo limayerekeza kuya kwa mutuwo poona mphamvu ya chizindikirocho.

Tsidya lina la msewu kunali paipi yakale yopita ku chipatala chaching'ono, yokhayo yopereka madzi ku chipinda cha amayi oyembekezera. Chitsulo chinayenera kudutsa pansi pake ndithu.

Lamulo la ntchitoyi n'lakuti asanayambe, kachipangizoko amakaika pansi pamalo opanda zitsulo pafupi, n'kuyeza ndi tepi mtunda wochoka pamenepo kufika pa bokosi, n'kuliuza bokosi mtundawo. A Sakala anachita zimenezi, koma anachitira pamthunzi wa lole ya thonje imene inaima m'mbali mwa msewu, chifukwa mphepo ya fumbi inali kuwalowa m'maso. Ankadziwa bwino kuti chitsulo chachikulu chimapotoza chizindikiro. Anangoganiza kuti tsiku limenelo sichipotoza kwenikweni.

Pofika masana mutu wa chitsulo unali utawoloka phula. Bokosi linkanena kuti uli pakuya kokwanira, ndipo a Mbewe, amene mtima wawo unali kale ku Mkaika kumene kumachitikira mwambowo, ankaimba mluzu pa wayilesi ya m'manja. Koma a Sakala ataona loleyo ikunyamuka, anakumbukira za m'mawa. Anabwereka kampando kwa mayi wogulitsa mtedza, nayeza msinkhu wa kampandoko, nakweza bokosi pamwamba pake. Bokosi likakhala loona, nambala imakwera molingana ndi msinkhu wa mpando. Nambalayo inakwera kupitirira pamenepo. Ndiye kuti bokosi linali kukulitsa mtunda uliwonse, ndipo mutuwo sunali pansi kwambiri monga linkanenera.

Palibe wina amene anaona. Akanatha kungokhala chete, n'kuyembekeza kuti chitsulo chiphonya paipiyo mwamwayi. Anthu ambiri amasankha njira imeneyi, ndipo pambuyo pake amaloza chala makina.

"A Mbewe, imitsani," anatero pa wayilesi. "Ndinayezera pafupi ndi lole. Nambala zonse za lero n'zokayikitsa."

A Mbewe anazimitsa injini, nabwera akupukuta manja. Anafunsa ngati akudziwa kuti kutulutsa zitsulo zonse n'kuyambiranso kudzadya Lachisanu lonse, mwinanso Loweruka, tsiku lenileni la mwambowo. A Sakala anavomera kuti akudziwa.

"Inu a Sakala, mphepo yokhayi mpaka kukabisala kunsi kwa lole ngati nkhuku? Ine chitenje cha Kulamba ndinasoketsa kale malaya."

"Malayawo mudzavala chaka chamawa. Koma amayi aja akasowa madzi, mudzakawauze ndinu kuti munali kuthamangira gule."

A Mbewe anang'ung'udza kuti mlandu ndi wa wina koma wokaonekera kwa amayi ndi iwo. Komabe anatenga khasu okha. Anagwirizana zoti asadalirenso bokosi, akumbe dzenje pamalo pamene a Sakala anaika penti yosonyeza pamene mutuwo unafika, aone ndi maso. Anakumba mosinthana, nthaka yofiira ili gwa. Poyamba inaoneka paipi yakuda ija. Atapalasa pang'ono chakumsewu, khasu linagunda chitsulo. Mutu wobowolera unali pamzere umodzi ndi paipiyo, utailoza pamimba, patatsala malo osakwana mkono.

A Mbewe anayang'ana m'dzenjemo, nabwerera ku makina.

Anatulutsa zitsulo zonse. A Sakala anakayezanso bokosi pakati pa munda wa chimanga wokololedwa, kutali ndi magalimoto, mipanda ndi mawaya a magetsi, fumbi likuwamenya kumaso, ndipo sanabisale. Anabwerezanso mayeso a kampando, nambala n'kukwera molingana ndi msinkhu wake.

Loweruka maminibasi odzaza anthu ankadutsa pamwamba pawo kulowera ku Katete, ena akuimba. A Mbewe anali pa makina atavala malaya awo atsopano a chitenje, akulondola mawu a a Sakala pa wayilesi, chitsulo chikutsika pang'onopang'ono kunsi kwa paipi. Kuchipatala, namwino anatsegula mpopi m'mawa umenewo, madzi n'kutuluka monga mwa masiku onse.