Laputopu Yongokhala

Pulinta imene bambo a mapasa anagula kwa mnzawo inali yamakani. Sinkamvana ndi foni iliyonse m'nyumbamo, ngakhale kompyuta yatsopano ya akazi awo. Amene anavutika nayo ndi mayi a mapasa. Anayesa izi ndi izo mpaka anatulukira kuti imangomvera laputopu ina yakale yothyoka chivundikiro basi. Anazilumikiza ndi chingwe, laputopuyo n'kuiika pa wayifayi, kuti aliyense akatumiza zolemba pa foni zizidzera mmenemo n'kukatuluka pa pulinta. Anaikhazika pamwamba pa kabati, n'kuchenjeza nyumba yonse kuti wina asayerekeze kuizimitsa.

Zinthu zinayenda. Bambo ankachita kuitana anzawo kudzaona pepala likutuluka iwo ali khale pa sofa, uku akudzitama kuti katundu amadziwa kusankha.

Tsiku lina mayi anatumiza homuweki ya ana, koma pulinta inangoti zii. Atayang'ana pakabati anapeza chingwe chikungolendewera.

"Bambo a mapasa, laputopu ija ili kuti?"

"Ndamupatsa mng'ono wanga, akuyamba koleji. Nanga si inkangokhala apo, yopanda ntchito."

Mayi anamva mtima ukuwira. Msana unawapweteka chifukwa cha chinthu chimenecho, bambowo akuonera mpira, lero angopereka ngati chipewa chawo, osafunsa n'komwe!

"Inkangokhala? Inu mumayesa mapepala aja ankatuluka chifukwa chokuopani? Tikanamapereka zinthu zongokhala m'nyumba muno, inu bwenzi nditakuperekani kalekale."