Dzanja Limene Silinatsike

Aliyense m'tauni yathu ya tirigu, kuno ku Saskatchewan, ankadziwa kuti a Lorne Tibbets amayenda kumanja kwa a Orest Melnyk. Pamaliro kumanja, pabenchi ya kupositi ofesi kumanja, pomwa khofi m'kantini ya mayi Dagny kumanjanso. Mlendo akalakwitsa n'kuwakhazika mosemphanitsa, ee, unkangomva phokoso lokhalokha.

"Wati chiyani?"

"Ndati ndiwe gonthi, mdala iwe!"

"Eya, kwaziziradi."

Mlandu wonsewu unali wa mzinga. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija awiriwa anali pa mzinga umodzi ku Italy. Lorne, kamnyamata ka zaka khumi n'zisanu n'zinayi kongochoka kumene kumunda kwa bambo ake, ankakhala kumanzere kwa mzinga, ndipo ndiye ankaulozetsa ndi kuuwomba. Orest ankakhala kumanja, ntchito yake kutseka kumbuyo bomba likalowa. Mzingawo unadya makutu amene anauyandikira: la Lorne lamanja, la Orest lamanzere. Atabwerako kunkhondo anachita kusinthana mbali moyo wonse kuti makutu otsalawo aziyang'anizana.

A Lorne masiku amenewo ankawasowa, ngakhale ankachita manyazi kunena. Ankasowa fungo la mafuta ndi utsi, tiyi wophikira m'chitini cha mabisiketi, mphesa zakuba m'minda ya eni, ndi nyimbo zachiyukireni, za kwawo kwa makolo ake, zimene Orest ankaimba moipa kwinaku akufinya sokosi. Matope ofika m'maondo aja nawonso, ukawafunsa, ankawanena akumwetulira. Anali anyamata, basi, ndipo msana sunkadziwa kupweteka.

Pamzinga palibe amamva mnzake, choncho awiriwa anali ndi njira yawoyawo. Orest akatseka, ankatambasula dzanja n'kumenya Lorne paphewa, phaa, n'kulibweza msanga. Sajeni akuwe bwanji, Lorne sankawomba dzanjalo lisanatsike.

Mmawa wina wamvula, atatha masiku awiri osagona, lamulo linabwera loti mizinga inayi yonse iwombe phiri lina. Kutsogolo kwawo, m'chigwa, munali asilikali anzawo oyenda pansi. Lorne anapukusa kagudumu kolozetsera mzinga, maso ali psuu ndi tulo, n'kuwerenga nambala molakwika. Sajeni anakuwa kuti awombe. Mizinga itatu inalira. Lorne anadikira dzanja, koma silinabwere. Atacheuka anaona lili m'mwamba, lauma pomwepo, maso a Orest ali pampope wa mzinga. Mpope wawo unali utawerama kuposa inzake itatu ija. Bomba limenelo likanagwera m'chigwa, pa anthu awo omwe.

"Melnyk, wagona?" anakalipa sajeni.

"Chotsekera chakakamira, bwana!" ananama Orest, n'kuyamba kuchigogoda ngati zoona. M'kanthawi kameneko Lorne anakweza mpope. Chotsekera chitapezeka kuti chili bwinobwino, Orest analangidwa kukumba zimbudzi sabata yathunthu mumvula, koma sanamuulule Lorne.

Zaka makumi asanu ndi ziwiri zinadutsa. Anakwatira, anakolola limodzi, anakankhirana magalimoto m'chisanu, anatukwanana pamasewera a makadi. Koma za mmawa uja palibe anazitchulapo. A Lorne ankati adzathokoza tsiku lina, pakapezeka mpata wabwino. Mpata wanji? Munthu wakhala naye benchi imodzi zaka zonsezo! Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina masana mwana wamkazi wa a Orest, Halyna, anaimba foni. "Amalume, bambo ali kuchipatala, bwerani lero lomwe. Adokotala akuti mawa tisamaliwerengere."

A Lorne anavala jekete la pamaliro, kenako analivula, n'kuvala lakumunda. Njira yonse yopita kuchipatala ankayeserera mawu awo, ngati mwana wopita kukalakatula kusukulu. Atalowa m'chipindamo mtima unawagwa. A Orest anali atagonera kumanja, nkhope ikuyang'ana kukhomo, khutu labwino lija litakwiririka mumtsamiro. Loonekera linali logontha.

"Mayi, tawatembenuzani pang'ono," anapempha a Lorne kwa namwino.

"Pepani bambo, sizitheka. Akagonera mbali inayo akulephera kupuma."

"Kamphindi kokha."

"Ngakhale kamphindi, bambo. Alankhuleni choncho, akuonani."

Anakokera mpando pafupi, n'kuwerama. "Orest! Tsiku lija ku Italy, unandipulumutsa. Zikomo, m'bale wanga!"

A Orest anakwinya nkhope. "Wati chiyani?" Mawu anali ongonong'ona.

A Lorne anabwereza mokuwa, moti wodwala wa chipinda china anaimba belu ndipo Halyna anabisa nkhope m'manja, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. A Orest anangopukusa mutu pang'ono. Kulemba papepala sikukanathandiza, poti zilembo maso a a Orest anasiya kalekale kuziona. Mantha anawagwira a Lorne, mantha enieni, oposa a kunkhondo: munthuyu apita osamva.

Kenako anatembenuza mpando, n'kukhala chammbali monga ankakhalira pamzinga, phewa lamanja lili kubedi. Anatambasula mkono kutsogolo, wowongoka ngati mpope, koma wowerama. Ndi dzanja linalo anayamba kupukusa kagudumu kosaoneka. Anaima, n'kudziloza pachifuwa: ine. Analoza pansi, kuchigwa kuja. Misozi inali itafika kale pachibwano, ndipo sanaipukute.

Maso a a Orest anatseguka bwino. Pang'onopang'ono dzanja lawo lamanzere linatuluka m'bulangete, lowonda, mitsempha yokhayokha, n'kukwera m'mwamba. Linauma pomwepo.

A Lorne anagwedeza mutu. Anapukusanso kagudumu, mkono uja n'kumakwera, kumakwera, mpaka unafika pamene unayenera kukhala mmawa uja. Anadikira osacheuka.

Dzanja linatsika paphewa. Silinamveke phaa ngati kale, koma linatsika, ndipo silinabwerere msanga.

Milomo ya a Orest inagwedera, koma mawuwo anagwera kukhutu logontha. A Lorne anayang'ana Halyna. "Mwanawe, akuti chiyani?"

Halyna anapukuta m'maso. "Akuti ankadziwa kalekale, amalume. Akuti mwachedwa nazo ngati kalata ya boma, ndipo zimbudzi zija mukakumba ndinu mukawapeza kumene akupitako."

A Lorne anaseka mpaka kutsokomola, atagwira dzanja lija kuti lisachoke paphewa.

Pamaliro a a Orest, anthu onyamula bokosi anasiyira a Lorne malo a kumanja, monga mwa masiku onse. A Lorne anakana, n'kuzungulira kumanzere. Anati kumeneko ndiye kunali pantchito pawo.