Katochi ka Apongozi

Apongozi anga aamuna anaphunzitsa sayansi kwa zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma pantchito, aliyense amamuonabe ngati mwana wasukulu wosamva. Ine ndine telala, sukulu ndinailekera panjira. Chikwatirire mwana wawo, sanandiuzepo n'kamodzi komwe kuti ndanena zoona, ngakhale pa nkhani ya nthawi kapena ya mvula. Munthu wamkulu ngati ine, wa ana atatu, kumalakalaka mawu awiri okha ochokera kwa nkhalamba yamwano, n'zochititsa manyazi. Koma ndinkawafuna.

Loweruka lililonse masana timakumana m'galaja mwawo anthu atatu: iwo, ine, ndi mnzawo wina amene ankayendetsa basi. Ameneyu timamutcha a Fyuzi, chifukwa chilichonse chikawonongeka, kaya ndi wotchi yapamkono, iwo amati ndi fyuzi. Sitikonzera munthu ayi. Timangophwasula zinthu kuti tione mmene zimagwirira ntchito. Lamulo la apongozi ndi lakuti kachipangizo kalikonse kakachotsedwa kayalidwe pa nsalu yoyera, kuyambira kumanzere kupita kumanja, ndipo wina asakakhudze iwo asanakatchule dzina. Ine ndakhalamo zaka zinayi, koma ntchito yanga ikadali kutola timasikuluu tikagwa pansi.

Loweruka limenelo anatulutsa m'thumba katochi kotalika ngati chala. Kanali ndi batani limodzi. Ukadina koyamba kankawala kwambiri, kachiwiri pang'ono, kachitatu kankangotsala ngati kandulo yakutha.

"Funso la lero," anatero apongozi, "kuwalaku kukuchepa bwanji?"

"Fyuzi," anayankha a Fyuzi.

Apongozi sanawayang'ane n'komwe. Anafotokoza kuti mkatimo muli timaresisita titatu, tizipangizo totchinga mphamvu ya batire, ndipo batani limangosankha kamene mphamvuyo idutsemo. Anayankhula ngati akuwerenga pa bolodi.

Ndikanangokhala chete monga mwa masiku onse. Koma katochi ngati kameneka ndili nako kushopu. Magetsi akathima ndimakaluma kukamwa n'kumapitiriza kusoka, ndipo ndinali nditaona chinachake.

"Bambo," ndinatero, "ine ndikuganiza kuti sikachepetsa kuwala ayi. Kamayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, mofulumira moti diso silingatsatire. Ndikakaika pa kuwala kotsikaku makina akuthamanga, singano imodzi ndimaiona ngati masingano anayi."

Apongozi anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Mwamva a Fyuzi? Sayansi ya pa makina osokera. Akamwini, inu muziyeza anthu m'chiuno. Zamagetsi tisiyireni eni ake."

A Fyuzi anaseka mpaka kutsokomola.

Tinakatsegula. Batire, kasipuling'i, kagalasi, kababu, zonse zinandandalikidwa pa nsalu. Pomaliza panatuluka kabolodi kobiriwira kozungulira, kofanana ndi batani la jekete. Apongozi anandikankhira galasi lokulitsa zinthu.

"Tiuzeni zimene zilipo. Mwina kuwerengako mumatha."

Ndinayang'ana. Timaresisita titatu panalibe. Panali kamodzi kokha, ndi kachinthu kena kakuda ka miyendo isanu ndi umodzi. Ndinawauza choncho, ndipo sindibisa, ndinanena mokoma.

"Ndiye kuti tili mkati mwa kakudako," anatero osaphethira.

"Mwationa?"

"Sindifunika kutiona. Ndaphunzitsa zimenezi inu musanadziwe kumanga lamba wa kabudula."

Apa m'pamene mtima unandithawa. Ndinatambasula dzanja n'kutola tizipangizo pa nsalu yawo yopatulikayo. A Fyuzi anati, "Aaa, akamwini, lamulo!" koma ine sindinamve. Zala zolowetsa ulusi pa singano tsiku lonse sizingavutike ndi kasipuling'i. Mphindi ziwiri zisanathe katochi kanali katabwerera mwakale.

Pakona panali njinga yakale yopanda tcheni. Ndinaigadabuza, matayala m'mwamba. Ndinatseka chitseko cha galaja, n'kuphimba zenera ndi katoni. Munada bii. Ndinazunguliza tayala lakutsogolo mwamphamvu, n'kuwalitsa katochi pa masipoko.

Pa kuwala kwakukulu masipoko sankaoneka, ankangokhala ngati utsi. Ndinadina kawiri. Nthawi yomweyo masipoko anatulukira, lililonse palokha, ngati tayala laima, kenako anayamba kuoneka ngati akubwerera m'mbuyo.

"Mayo ine!" anafuula a Fyuzi. "Likubwerera! Aphunzitsi, telala wakupezani!"

"Bambo, mwaona?" ndinafunsa. Ndinali ndi chimwemwe choipa.

"Sindikuona chilichonse."

"Sendererani."

Anasendera. Ndinazungulizanso tayala.

"Sindikuona chilichonse," anabwereza.

Zimene ndinanena pamenepo sindinganyadire nazo. Ndinawauza kuti ndi munthu wouma mutu, wodzikonda, amene angalole kufa kusiyana n'kuvomera kuti telala wadziwa kanthu. Ndinati ana amene anawaphunzitsa ayenera kuti ankawaopa basi, osati kuwalemekeza. Ndinati zaka zonsezi ndakhala ndikukwawa pansi m'galaja muno ngati nkhuku yotola mapira, kufunafuna timasikuluu timene iwo amagwetsa dala kuti andione ndikugwada. Ndinati mwana wawo ndamusunga bwino, sanagonepo ndi njala, koma kwa iwo ndikadali chisanza chopukutira girisi.

A Fyuzi anatsegula kachitseko kam'mbali n'kuti akukaona ngati anatseka geti kwawo. Anathawa, mwachidule.

Tayala linali likuzungulirabe. Apongozi anawerama, nkhope yawo pafupi kwambiri ndi njingayo, n'kutambasula dzanja ngati munthu wofufuza khoma. Ndinaganiza kuti akufuna kuimitsa tayala. Koma dzanjalo silinapite pa labala, linalowa m'masipoko mwenimweni. Ndinamva phokoso louma, kenako iwo anakokera mpweya m'mano.

Ndinathamanga kukatsegula chitseko chachikulu. Kuwala kwa dzuwa kutalowa ndinaona zala ziwiri zikutuluka magazi, chikhadabo chimodzi chitang'ambika pakati. Anakhala pa mpando wawo, dzanja atalikweza m'mwamba, nkhope atalozetsa kumene ankaganiza kuti ndili. Ine ndinali nditaima chapambali ndithu.

"Bambo," ndinatero, "tayala lija simumaliona?"



"Diso lakumanzereli linafa chaka chatha," anatero. "Lakumanjali likutsatira. Kukakhala dzuwa ndimaona zithunzithunzi. Mukatseka chitseko ndiye basi. Mwakondwa?"

Sindinakondwe. Ndinachita manyazi. Koma ndinene zoona, mkwiyo sunachoke. Munthu ameneyu wakhala akundipatsa galasi kuti ndimuwerengere manambala kwinaku akunditukwana, ngati kuti akundiyesa mayeso, pamene maso ogwira ntchito m'galajamo anali anga. Chaka chathunthu ndakhala ndikumuonera, iye n'kumandilipira ndi chipongwe.

Ndinang'amba kansalu m'thumba mwanga n'kuwamanga zalazo. Sanathokoze. Anangoti ndamanga mothina.

"Mkazi wanga akudziwa?" ndinafunsa.

"Sakudziwa, ndipo mukakamuuza, m'galaja muno musadzapondemonso. Akangomva adzanditsekera m'nyumba n'kumandidyetsa ndi supuni. Ine sindinafe."

Ndinagwedeza mutu, kenako ndinakumbukira kuti sakundiona, ndiye ndinati, "Ndamva."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinali ndidakali ndi katochi m'manja, ndipo kamtima kaja kankandikandabe.

"Koma bambo, a Fyuzi aona. Inenso ndaona. Masipoko anaima. Kamayaka n'kuzima, monga ndinanenera."

Anatembenuzira khutu kwa ine, n'kumwetulira kumwetulira kumene ndimadana nako kuja.

"A Fyuzi amati wotchi ili ndi fyuzi. Umboni wanu ndi umenewo? Akamwini, ine sindivomera chinthu chimene sindinachione ndi maso anga." Anaika dzanja lomangalo pa bondo. "Ndipo chimenechi sindidzachiona."